Mizati ya a Dizimasi Inaphuka

Pa maliro a apongozi anga, a Dizimasi, mkulu wa mpingo amene ananena mbiri yawo anaimirira nati malemuwa anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana, womvera atsogoleri. Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Ine ndinadzuka pa benchi n'kukaima kuseri kwa nyumba, chifukwa ndikanakhala pomwepo mwambo ukanasokonekera. Mkazi wanga Maligerita, mwana wawo woyamba, ananditsata ndi maso aja onena kuti lero lokha, bambo, ugwireni mtima. Ndinaugwira. Koma papita mwezi tsopano ndipo bodza lija likundiyabwabe ngati chitedze. Ndiye ndati ndilembe.

A Dizimasi sanali wofatsa. Anali nkhalamba yamakani kuposa wina aliyense amene ndinamuonapo kuno ku Wimbe, ndipo makani ine ndimawadziwa, anthu amati ndinabadwa nawo. Anakangana ndi akapitawo atatu a pa esiteti, mmodzimmodzi, mpaka onse anapita iwo n'kutsala. Anakangana ndi katekisiti chifukwa chodula mkuyu wa pa tchalitchi, ndipo kwa miyezi inayi Misa ankamvera panja, atakhala pa chitsa cha mkuyuwo, kuti aliyense wolowa awaone. Anakangana ndi ine kuyambira tsiku limene ndinakafunsira mwana wawo mpaka sabata imene anatisiya. Pomaliza anakangana ndi kampani yobzala mitengo imene inawachotsa pa malo amene anakhalapo zaka zoposa makumi anayi. Mkangano umenewo ndi umene sindikufuna kuti uiwalike, pakuti ena ayamba kale kunena kuti mkuluyu anagonja.

Anali wamfupi, wa matewe, ndipo ankayenda mwachangu ngati wachedwa kwinakwake. Anali ndi chizolowezi chimene poyamba chinkandikwiyitsa: mtengo uliwonse umene aima pafupi nawo, ankaukanda ndi chikhadabo cha chala chachikulu kuti aone ngati mkati muli mobiriwira. Ankakanda mpini wa khasu, mzati wa pa golosale, ngakhale mtanda wa pa manda. Tsiku loyamba kufika pa nyumba yanga yatsopano sanayamikire malata, sanayang'ane simenti. Anakanda mzati wa pa khonde n'kunena kuti, "Akamwini, mwatsamiritsa denga pa mtembo."

Akakhala osangalala ndinali akamwini. Akafuna kundiputa ndinali a Fomu Folo, chifukwa ndinamaliza sekondale ndipo ankati sukulu inanditalikitsa lilime n'kundifupikitsa maso. Fodya analima moyo wawo wonse koma sanasutepo ngakhale kamodzi. Ankati ndi mbewu yokhayo imene munthu amaisamala ngati khanda miyezi isanu ndi inayi kuti munthu wina amene sudzamuona akaiotche. Ankanenanso kuti munthu amene amakuuza kuti wabwera kudzakuthandiza, uziyamba wamuyang'ana m'manja kuti uone ngati wabweretsa khasu kapena tepi yoyezera.

Kwawo kunali ku Phalombe. Malo atatha kumeneko, anakwera lole yodzatenga matenanti, ali ndi mkazi wawo a Felesita, mphasa, ndi mwana kumsana, amene lero ndi mayi wa ana anga. Ife a m'midzi yakale tinkawatcha obwera. Amalume anga atamva kumene ndikufuna kukwatira anati ndikupita kwa anthu opanda manda. Mawuwo anawafika a Dizimasi, ndipo pa chinkhoswe anawayankha amalumewo pamaso pa anthu kuti manda ndi chuma chokhacho chimene munthu sachithamangira, aliyense adzakhala nacho, amalume anga adekhe. Awiriwo sanapatsanenso moni wabwino mpaka imfa.

Pa esiteti tenanti ankapatsidwa munda, kanyumba ka udzu, ndi malamulo awiri amene sankalembedwa paliponse koma aliyense ankawadziwa: tenanti saumba njerwa, tenanti sabzala mtengo. Chifukwa chake n'chosavuta. Njerwa ndi mtengo zimanena kuti munthu wakhazikika, pamene mwini esiteti ankafuna anthu oti akhoza kuwakwezanso pa lole tsiku lililonse. A Felesita sankadziwa kuti lamulolo ndi lolimba chotero. Anabwera ndi njere zitatu za mango a kwawo n'kuzikwirira kuseri kwa kanyumba. Zitamera mpaka m'mawondo, kapitawo anabwera n'kuzizula zonse, naziponya pa njira kuti matenanti ena aphunzirepo. A Felesita analira ngati kwagwa maliro. A Dizimasi anatola timitengoto, anatiyang'ana, osanena kanthu. Ndiyo nthawi yokhayo imene ndinamva kuti anakhala chete.

Kwa inu amene simunalimepo fodya wa bale, chigafa ndi chisakasa chachitali chopanda makoma, chofolera ndi udzu, mmene timapachikamo fodya kuti aume ndi mphepo. Chimaima pa mizati ya mphanda yozikidwa m'mizere yowongoka, ndipo mitanda imagona m'mphandamo. Anthu onse amasenda makungwa, n'kuwaula tsinde pa moto, n'kuzika mzati wouma. Chiswe chimaudya m'mvula ziwiri kapena zitatu, ndiye umapitanso kutchire kukadula ina. Ndi mmene tchire lonse la kuno linathera. Chigafa chinkadya mitengo, chiswe n'kudya chigafa, fodya n'kukwera lole.

A Dizimasi anachita zawo. Ankasankha mlombwa ndi mtumbu yokha, mitengo imene imagwira ukaizika yaiwisi. Ankadula mvula itatsala pang'ono kugwa, osasenda khungwa, osawaula, n'kuzika tsiku lomwelo, mozama mpaka m'chigongono ndi kupitirira. Madzi ankathirapo ngati akungosamba m'manja. Mvula itagwa kawiri, mizati inayamba kutulutsa timasamba pamwamba pa mphanda.

Nkhani ya tsiku limene kapitawo anazindikira ankaikonda, ndipo ndinaimva kosawerengeka.

"Iwe Dizimasi, ichi n'chiyani?"

"Chigafa, akapitawo."

"Chigafa chimaphuka masamba?"

"Ine ndinazika mizati monga munalamula. Ngati mzati waswa lamulo, uchotseni ntchito mzatiwo."

Kapitawo akanatani? Mkatimo munali mutadzaza fodya wa bwana wake. Kuzula mzati kunali kugwetsa fodyayo pa dothi. Anatukwana n'kupita. Patatha zaka zingapo a Dizimasi anadandaula kuti chigafacho chachita mthunzi wambiri, fodya sakuuma bwino, namanga china pambali pake, mwa njira yomweyo. Chakalecho anangochotsa denga, mizati n'kuisiya, ati ndi yabwinobwino, kutaya mzati wabwino ndi tchimo. Kapitawo wachiwiri anabwera, wachitatu anabwera, yankho linali lomwelo. Matenanti ena angapo anaonera n'kudzamanga zawo moyandikana, a Dizimasi akuwayezera. Esiteti yonse ikusanduka dazi, pakona imodzi panali patakula kankhalango ka mitengo yoima m'mizere ngati asilikali.

Kenaka mwini esiteti anamwalira. Ana ake anali kutauni, ena kunja, ndipo palibe amene ankafuna fumbi la kuno. Thirakitala inachita dzimbiri, ofesi inagwa denga. Matenanti amene analibe kobwerera anatsala, mabanja ngati makumi awiri. Anaumba njerwa koyamba m'moyo wawo. Anakumba chitsime, analima chimanga, mtedza ndi fodya wawowawo, ana anabadwa, anakwatira, anabereka. A Felesita anabzalanso mango, ndipo anadya zipatso zake nyengo zinayi asanamwalire. Kwa zaka zonsezo palibe amene anabwera kudzafunsa kuti mukutani pano. Pepala la lizi, la boma lobwereketsa malowo kwa mwini esiteti, linkangogona m'dirowa kwinakwake kudikira tsiku limene malowo adzakhalenso ndi mtengo wake.

Tsikulo linafika zaka zinayi zapitazo, ndi magalimoto oyera awiri ndi kandege kopanda munthu kamene kankalira ngati njuchi pamwamba pa midzi. Ana a mwini esiteti uja anali atagulitsa lizi kwa kampani ina ya kunja yobzala mitengo. Anatiitana tonse pa bwalo la sukulu. Amene ankayankhula anali Mmalawi mnzathu, mkulu wa pulojekiti, munthu waulemu, wa Chichewa chosalala. Anafotokoza kuti mafakitale ndi ndege za ku mayiko olemera zimatulutsa utsi umene wasokoneza mvula pa dziko lonse, kuti mitengo imameza utsiwo, ndipo makampani a kumeneko ndi okonzeka kulipira kuti mitengo ibzalidwe kuno ndi kusamalidwa. Kenaka anatambasula chithunzi chachikulu chimene kandege kaja kanajambula. Ponse panali pofiirira, kupatula kadontho kamodzi kobiriwira.

"Apa," anatero akuloza kadonthoko, "ndi pokhapo pamene patsala nkhalango yachilengedwe. Ikapanda kutetezedwa kwa anthu olowerera amene aizungulira, m'zaka zochepa ikhala itatha."

A Dizimasi makutu anali atayamba kuwavuta. Anandikoka malaya. "Akuti nkhalango yachiyani?"

"Akuti inamera yokha, bambo."

"Yokha."

"Eya. Ndipo akuti inu ndi amene mukufuna kuimaliza."

Anaimirira osakweza dzanja. "Bwana, utsi mukunenawo wafuka kwa ndani?"

"Ku mayiko akunja, agogo. Koma mlengalenga ndi umodzi, dziko ndi limodzi. Vutoli ndi la tonse."

"Ngati ndi la tonse, kwawoko asamuka angati?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Mkulu wa pulojekiti nayenso anamwetulira, nalemba kanthu m'kabuku. Kusekako sikunasinthe kalikonse. Patatha milungu itatu makalata anabwera, onena kuti mabanja onse a pa esiteti achoke akangomaliza kukolola, popeza malowo sanali awo chiyambire.

Ndisaname, zina zimene munthu uja ananena zinali zoona. Mvula inasinthadi. Dambo limene ndinkasambamo ndili mwana lero ndi mchenga. Mitengo tinadula ndife, nkhwangwa yanga yomwe inadula nawo. Koma tinkadulira fodya wa ndani? Dzulo anthu a kutali ankafuna utsi wa ndudu, ife tinawadulira nkhalango. Lero anthu a kutali omwewo akuopa utsi, ndiye ife tiwapatse minda. Iwo asintha maganizo kawiri, ndipo kawiri konseko amene wanyamula katundu pamutu ndi tenanti. Ndipo mwa anthu onse a m'boma lino, amene anamusankha kuti akhale chitsanzo cha wowononga chilengedwe ndi munthu amene anabzala mitengo pamene kubzala kunali mlandu. Zimenezi ukaziganizira bwino, ukhoza kumenya munthu wosalakwa.

Ine sindinamenye munthu. Ndinatenga nkhwangwa. M'mawa mwa tsiku lotsatira kalata ija ndinapita molunjika ku zigafa zakale zija. Maganizo anga anali akuti ngati apongozi anga sadzakhalanso pa mthunziwo, kampaniyo nayonso isaupeze. Ndinasankha mlombwa waukulu wa pakona n'kutema kamodzi. Mlombwa ukatemedwa umatuluka madzi ofiira ngati magazi. Ndisanakwezenso nkhwangwa ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Pitirizani, a Fomu Folo. Kandege kaja kakufuna chithunzi chimenechi."

"Bambo, mukufuna tiwasiyire mphatso? Akuthamangitsani ngati galu, inu muwapatse mthunzi?"

"Anena kuti ndife odula mitengo. Inu mwadzuka m'mamawa kudzawasainira."

"Ndiye tingokhala manja lende? Umenewo ndi mantha! Mwakalamba, mwayamba mantha!"

Munthu sauza apongozi ake mawu otero. Ndinadziwa akutuluka kumene m'kamwa. Iwo sanakalipe. Anatapa dothi lonyowa pa chulu, anamata pa bala la mtengowo mosamala ngati namwino, kenaka anati ndipite kwathu, ndikadzakhala ndi nzeru ndidzabwere ndi nkhuku. Ndinabwera nayo Lamlungu. Anaidya yonse n'kunena kuti inali yoonda ngati kupepesa kwanga.

Milungu yotsatira anayamba kuchita zinthu zimene ndinaganiza kuti ndi ukalamba. Ankayenda khomo ndi khomo kwa matenanti anzawo, kusonkhanitsa mitanda yakale ndi mikangala, timitengo tija timapachikapo fodya. Ankayeza ndi luzi, kudula, kuunjika kuseri kwa nyumba. Nditafunsa anati munthu amene anabwera ndi nkhwangwa alibe ufulu wofunsa mafunso.

Fodya womaliza akuthyoledwa, kunamveka kuti kukubwera alendo ochokera kunja, eni ndalama, kudzaona nkhalango imene akuipulumutsa. Anafika ndi magalimoto anayi. Panali azungu awiri, bambo wamtali wonyamula kamera ndi mayi wa chipewa chachikulu amene ankafunsa mafunso ambiri. Mkulu wa pulojekiti anawatsogolera kulowa pansi pa mitengo, akufotokoza m'Chingelezi za mlombwa ndi ukale wake. Atafika pakati anapeza a Dizimasi ataima, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, ndipo kumbuyo kwawo kunali matenanti onse, amuna atasenza mitanda pa mapewa, amayi atanyamula mikangala ya fodya wosokasoka.

"Akamwini, bwerani mugwiritse ntchito sukulu ija. Afunseni mayiwa: mtengo ukamakula, mphanda yake imakwera kapena imakhala pomwepo?"

Ndinamasulira. Mayi uja anayang'ana mkulu wa pulojekiti, kenaka anati akuganiza kuti imakwera limodzi ndi mtengo.

"Auzeni kuti siikwera. Mtengo umakulira kunsonga. Pamene mphanda inali tsiku loyamba, ndi pamene idzakhale mpaka mtengowo udzagwe."

Anapita pa mtengo woyamba, anaimika dzanja m'mwamba, nsonga za zala zinakhudza ndendende m'mphanda. Anayenda mapazi atatu, mtengo wachiwiri, chimodzimodzi. Mapazi atatu, wachitatu, chimodzimodzi. Anayenda mzere wonse dzanja lili m'mwamba ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho.

"Afunseni ngati kwawoko Mulungu amabzala ndi chingwe, n'kuyeza mphanda ndi mkono wa Dizimasi."

Ndinamasulira, koma magazi anali atandikwera, ndiye ndinawonjezerapo zanga za akuba ovala mataye ndi zina zimene sindingalembe pano. A Dizimasi Chingelezi sankachimva, koma ankamva kutalika kwa mawu.

"Akamwini, anga anali afupi, anu atalika. Nenani zanga. Zanuzo mukanene kwanu."

Kenaka anatembenuka nakuwa mawu amodzi: "Ikani!"

Amuna aja anakweza mitanda. Uliwonse unagwera m'mphanda ziwiri n'kugona mowongoka ngati wayezedwa dzulo. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Amayi anabwera m'mbuyo akupachika mikangala, fodya n'kulendewera. Panalibe woimba, panalibe wotukwana, kumangomveka mitengo ikugundana. Nthawi imene ingatenge munthu kuwiritsa tiyi, nkhalango yachilengedwe ija inali itabwerera kukhala chimene inali: zigafa zisanu ndi chimodzi zoyandikana, fodya ali mkati, denga lake masamba amoyo.

Bambo wamtali uja anatsitsa kamera. Mayi uja anayenda yekha mpaka kumapeto kwa mzere, anasuzumira ngati mmisiri woona ngati khoma lawongoka, anabwerera nkhope itafiira. A Dizimasi anamuonetsa waya wakale womangira mitanda, amene khungwa linamumeza n'kungotsala kansonga. Mayiyo anaona dothi lomatidwa pa mlombwa wa pakona nafunsa kuti pamenepo panachitika chiyani.

"Auzeni kuti m'zaka makumi anayi mitengo iyi yatemedwapo kamodzi kokha, ndipo anatema ndi munthu wophunzira."

Ndinamasulira zimenezonso, liwu ndi liwu. Sindinachotsepo kanthu.

Tsiku limenelo tinabwerera kunyumba tikuganiza kuti tapambana. Patatha sabata mkulu wa pulojekiti anabwera yekha, wopanda dalaivala, nakhala pa kampando pa khonde la a Dizimasi. Ine ndinalipo. Anati alendo aja anakhudzidwa kwambiri, ndipo kampani yaganiza kuti agogo asachoke. Nyumba yawo isiyidwa, mango a malemu mayi asiyidwa. Adzakhala mlonda wa nkhalangoyo, adzapatsidwa yunifolomu, ndipo chithunzi chawo chidzaikidwa m'buku lopita kunja.

"Nanga anzangawa?"

"Enawo ndiye ayi, agogo. Malo onse ali kale mu pulani."

"Pa chikwangwani mudzalemba chiyani?"

"Nkhalango yachilengedwe yotetezedwa."

"Lembani kuti mitengo iyi anabzala matenanti. Mawu anayi. Mukalemba, yunifolomuyo ndivala."

Munthu uja ndimamupatsa ulemu pa chinthu chimodzi: sananame. Anati sizingatheke. Ogula kunjako amalipira chifukwa mapepala amanena kuti nkhalangoyo ili pangozi ndipo kampani ndi imene yaipulumutsa. Mapepala akanena kuti anthu a pamalopo ndi amene anaibzala n'kuisunga zaka zonsezi, ndiye kuti palibe chimene chapulumutsidwa, ndipo palibenso chifukwa chochotsera anthuwo.

"Ndamva," anatero a Dizimasi. "Mukufuna ndikhale pano ngati mboni yonama pa mlandu wa anzanga. Pitani bwino, bwana. Mupereke moni kwa mayi a chipewa."

Galimoto itachoka, ine amene ndinabwera ndi nkhwangwa uja ndi amene ndinagwada. Ndinati bambo, mwakalamba, vomerani, chikwangwani ndi thabwa chabe, mufere m'nyumba yanu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amantha aja ndi ndani tsopano, a Fomu Folo? Mawa mubwere nayo nkhwangwa ija."

Ndinabwera nayo, osadziwa kuti afuna kudula chiyani. Sanadule kanthu. Alonda a kampani anali atatsitsa kale mitanda yonse ya tsiku lija. A Dizimasi anali atasunga umodzi, wa mtima wa mlombwa, wouma gwaa, wonenepa pang'ono kuposa mphanda. Tinaukweza pa mizati iwiri yoyambirira ya chigafa choyamba, chija anakanganirana ndi kapitawo. Anandiuza kuti ndiukhomere ndi msana wa nkhwangwa mpaka ulowe. Ndinamenya ndi ukali wonse umene ndinali nawo, uku ndi uku, mpaka unakhala ngati unabadwira momwemo. Anaugwedeza ndi manja awiri, sunasunthe. Anati tsopano tikhoza kupita.

Anthu atakolola, thirakitala ya kampani inabwera. Sindifotokoza zambiri, aliyense amadziwa mmene khoma la njerwa zosaotcha limagwera. Mabanja ena anakalowanso utenanti ku maesiteti a ku Kaomba, zidzukulu kuyambira pamene agogo awo anayambira. Ena ali pa Mtunthama, akuchita maganyu ndi kugulitsa tomato. Awiri anabwerera ku Phalombe kumene anakapeza kuti palibe amene akuwakumbukira. A Dizimasi anabwera kwathu ndi mphasa, jekete, ndi kampando.

Anakhala nafe zaka zitatu, ndipo palibe tsiku limene sitinakangane. Anazula mizati yanga ya khola imodziimodzi n'kuzikamo yaiwisi, osandipempha. Lero khola langa lili ndi masamba. Madzulo dzuwa lisanalowe ankaika kampando kumapeto kwa bwalo, pamene nsonga za mitengo yawo zimaonekera patali, koma sanapemphepo kuti tiwaperekeze kumeneko. Anati mitengoyo ndi ana awo, sangapite kukawaona kudzera pa mpanda wa waya wa kampani. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, munthu amene sanasutepo. Masiku awiri asanamwalire ndinawauza, mwaukali wanga womwewo, kuti makani awo sanapindule kanthu, tinaluza basi.

"Munaluza ndinu," anatero. "Ine mboni zanga zikadali chiimire."

Sabata yatha ndinapitako ndekha. Malo onse azunguliridwa ndi waya waminga, koma pali pamene mbuzi zinaboola, ndipo pamene mbuzi yalowa munthu amalowa. Pamene panali nyumba patsala timilu ta dothi tomera chisoso. Chitsime anachikwirira. Mango a a Felesita alipo, zipatso zimangogwa n'kuolera pansi popanda mwana wotola. M'minda monse muli mizere ya timbande ta kampani, tina tagwira, tambiri tauma, timapepala takuda ta m'machubu tikuuluka ndi mphepo. Pamene panali khonde la a Dizimasi pali chikwangwani chachitsulo chopakidwa bwino, cholembedwa m'zinenero ziwiri kuti iyi ndi nkhalango yachilengedwe, kudula kapena kuvulaza mtengo uliwonse ndi mlandu.

Kuseri kwa chikwangwanicho mitengo yaima monga anaisiyira, mapazi atatuatatu, mphanda zonse pa msinkhu umodzi, msinkhu wa dzanja la munthu wamfupi wa matewe. Mkatimo muli zii, kozizira, pansi pali masamba okhaokha. Bala la nkhwangwa yanga linapola, latsala chipsera chakuda. Ndipo mtanda uja ulipo. Pali zizindikiro zoti wina anayesa kuukankha ndi chitsulo n'kulephera. Mvula zitatu zapita, khungwa la mizati iwiri ija lafufuma mbali zonse n'kuyamba kuukumbatira, monga linachitira ndi waya uja. Akhoza kuucheka pakati ngati afuna, koma nsonga zake zidzatsala m'mphanda, kuyang'anizana. Kuti auchotse wonse ayenera kutema mitengoyo, ndipo chikwangwani chawo chomwe chikuwaletsa.

Ndinaima pansi pake n'kukanda mzati umodzi ndi chikhadabo. Mkati muli mobiriwira.